Nyenyezi za crash test ndizidalire pogula galimoto yoyendera M1?

Membala wobisidwa dzina

Ma admin chonde ndibiseni dzina. Abale anga pa gulu pano, ndithandizeni nzeru ndisanatumize ndalama ku Japan, chifukwa kunyumba takangana mpaka tatopa.

Ndine mayi wa ana awiri, wamkulu zaka 7, wamng'ono zaka 2. Ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma makolo ali ku Ntcheu, ndipo bambo anga sakupeza bwino masiku ano, ndiye M1 ndiziyenda kawirikawiri, mwina ngakhale madzulo ndikaweruka. Ndalama imene ndasonkhanitsa, nditachotsera msonkho ndi ya wodzayendetsa kuchokera ku Dar es Salaam, ikukwana imodzi mwa ziwiri izi: Daihatsu Mira e:S ya 2018 yoyenda pang'ono, kapena Toyota Corolla Axio ya 2012 imene yayenda kwambiri.

Amene akundithandiza kuitanitsa akuti nditenge Mira. Akuti ndi yatsopano, siimwa mafuta, imadzigwirira yokha mabuleki ikaona chinthu kutsogolo, komanso inapeza nyenyezi zabwino pa crash test ya ku Japan, mayeso ogundiza galimoto dala kuti aone mmene imatetezera anthu. Alamu anga akuti nyenyezizo n'zotsatsira malonda basi, amayesa ndi zidole m'chinyumba chosesedwa bwino, osati pa Linthipe usiku thiraki itaima pamsewu yopanda nyali. Iwo akuti chofunika ndi chitsulo, moti akanakonda ndikanagula pick-up yakale.

Kodi nyenyezizi zimanenadi zoona za ngozi yeniyeni? Ndipo pa ziwirizi, inu mukanakweza ana anu mu iti? Zamafuta ndazimva kale, ndikufuna za chitetezo.

Dalaivala wa ku Mchesi

Mayi, Mira ndi yopitira ku tchalitchi ndi ku msika. Pa M1 thiraki ikangokudutsani mumamva kagalimoto kakugwedezeka kokha.

Achimwene a ku Sheffield

Achemwali, onse awiri akunena zoona koma aliyense wagwira theka. Ndilemba zazitali, mundipirire.

Poyamba timve kuti nyenyezi imayankha funso lanji. Kwa zaka zambiri mayeso otchuka a kutsogolo, a mabungwe opereka nyenyezi, Euro NCAP ku Ulaya ngakhalenso JNCAP ku Japan, anali ogundiza mbali ya kutsogolo kwa galimoto pa chotchinga chosasuntha pa liwiro la makilomita 64 pa ola. Galimoto ikagunda chinthu chosasuntha, mphamvu imene ikulimbana nayo ndi ya kulemera kwake komwe. Ndiye zili ngati yawombana ndi inzake yolemera chimodzimodzi. Mira yolemera pafupifupi makilogalamu 700 ikakhoza mayeso amenewa, zikutanthauza kuti imateteza bwino ikawombana ndi Mira inzake. Za tsiku lokumana ndi Hiace yodzaza anthu ndi matumba, nyenyezi siinanenepo kanthu. Bungwe la boma la ku America loona za chitetezo cha pamsewu, NHTSA, limachenjeza lokha kuti nyenyezi za kutsogolo muzifanizira pa galimoto zosasiyana kulemera kupitirira makilogalamu 113.

Izi anaziyesa poyera. Mu 2009 a IIHS, bungwe lina loyesa chitetezo cha galimoto ku America, anatenga timagalimoto titatu tomwe tinakhoza bwino pa chotchinga, n'kutiwombanitsa ndi galimoto zokulirapo za kampani yomweyo: Toyota Yaris, imene ife timaidziwa kuti Vitz, ndi Camry, Honda Fit ndi Accord, Smart ndi Mercedes C-Class. Tonse titatu tinagwa mayeso. Si kuti anatipanga moipa, koma yolemera imakankhira yopepuka kumbuyo, ndipo thupi la munthu wa m'yopepukayo ndi limene limalandira kugwedezeka kwakukulu. Tsono Mira ndi yaing'ono kuposanso Vitz, ili m'gulu la kei: injini ya 660cc, kutalika osapitirira mamita 3.4, m'lifupi osapitirira mamita 1.48. Pakati pa phewa lanu ndi chitseko, komanso pakati pa mwana wakumbuyo ndi bampala, malo ndi ochepa zedi.

Chachiwiri ndi liwiro. Mphamvu ya ngozi siikwera mofanana ndi liwiro, imathamanga kuposa. Pa 100 mphamvuyo imaposa kawiri ndi pang'ono ya pa 64. A IIHS ndi anzawo anagundiza Honda CR-V ya 2010 pa 64, pa 80 ndi pa 90. Pa 64 malo a dalaivala anatsala bwinobwino, pa 90 anaphwanyika ndipo chidole chinaonetsa kuvulala kwakukulu m'khosi ndi m'miyendo. Mtundu wa galimoto womwewo.

Koma alamu anu akalakwitsa akamati nyenyezi n'zachabe. Ku Sweden anafanizira zotsatira za Euro NCAP ndi ngozi zenizeni za pamsewu, n'kupeza mu 2010 kuti amene anali m'galimoto za nyenyezi 5 anali ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 68 pa 100 poyerekeza ndi a m'galimoto za nyenyezi 2. A IIHS nawo anapeza kuti dalaivala wa galimoto imene inakhoza bwino mayeso a m'mbali amakhala ndi chiopsezo cha imfa chotsika ndi 70 pa 100 akagundidwa mbali yake, kusiyana ndi wa galimoto imene inalephera. Amenewa ndi anthu enieni, osati zidole.

Pa ziwiri zanuzo, paulendo wa Ntcheu ine ndikanatenga Axio, ngati ili yosakonzedwapo pangozi.

Bambo a ku Kasungu

Ine ndili mbali ya alamu anu. Galimoto zamakono ndi mapepala. Pick-up yanga yakale inagundidwa kumbuyo ndi kagalimoto ka masiku ano, ine bampala inangopindika pang'ono, mnzangayo boneti yonse inalowa m'kati. Nyenyezi zinali kuti pamenepo?

Achimwene a ku Sheffield

Bambo, ndikufunseni mwaulemu: mnzanuyo anatuluka akuyenda yekha kapena ananyamulidwa? Boneti imapangidwa dala kuti ipindike, kuti mphamvu ithere m'zitsulo isanafike pa chifuwa cha munthu. Chimene sichiyenera kupindika ndi chipinda chokhalamo anthu.

Za pick-up pali umboni wapafupi. A Global NCAP, bungwe loyesa chitetezo cha galimoto m'maiko osiyanasiyana, pamodzi ndi AA, bungwe la oyendetsa galimoto la ku South Africa, anayamba mu 2017 kuyesa galimoto zatsopano zogulitsidwa ku Africa. Mu 2018 Nissan NP300 Hardbody, imene aliyense ankailemekeza kuti ndi chitsulo chenicheni, siinapeze nyenyezi ngakhale imodzi pa chitetezo cha akuluakulu. Chipinda cha dalaivala chinakhwinyata, chiwongolero chinabwera pa chifuwa cha chidole, ngakhale kuti airbag inalimo. Mu 2020 anaiwombanitsa, ili yatsopano, ndi Nissan Navara ya 2015 yogwiritsidwa kale ntchito ku Ulaya, ndipo ananena kuti dalaivala wa Hardbody mwina akanamwalira pomwe wa Navara akanatuluka. Ndiye kulemera kumathandiza, koma kulemera kokha kopanda kapangidwe kabwino sikupulumutsa.

Bambo a ku Kasungu

Anatuluka yekha, ndivomere. Koma pick-up sindisiya, chimanga sichikwera mu Mira.

Makaniko wa ku Biwi

Mayi, mverani kuno, chifukwa zimene akunena achimwene a ku UK zonse ndi za galimoto yongotuluka kumene ku fakitale. Imene ikubwera kwa inu ndi ina.

Nyenyezi anaipatsa galimoto imodzi yatsopano imene anaiphwanya kalekale. Yanuyo yadutsa m'manja mwa anthu. Ife timatsegula ma dashboard tsiku ndi tsiku ndipo timaona zinthu. Pena ukachotsa chivundikiro cha pa chiwongolero umapeza m'kati mulibe airbag, muli nsanza kapena siponji, chivundikirocho anachimata ndi guluu. Kuti nyali ya airbag isayake, amalumikiza ka resistor pa waya kuti kompyuta izikhulupirira kuti zonse zilipo, ena amangozula babu. Malamba enanso anakoka kale pangozi, sabwereranso, amangolendewera. Chassis yowongola ndi moto n'kuwotcherera imaoneka bwino ikapakidwa penti, koma pangozi yachiwiri imang'ambika pomwe anawotchererapo.

Chitani izi. Muwauze akupatseni auction sheet yeniyeni ya ku Japan, pepala la pa okishoni lofotokoza mmene galimoto ilili, osati chithunzi chodulidwa. Pakona pamakhala giredi. Mukaona R kapena RA, dziwani kuti inakonzedwapo pangozi, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji. Ikafika, tembenuzani kiyi osaliza injini: nyali ya airbag iyenera kuyaka kwa masekondi angapo kenako n'kuzima yokha. Ikapanda kuyaka n'komwe, wina anaseweretsa. Kokani lamba aliyense mwamphamvu mwadzidzidzi, azigwira. Tsegulani buti, nyamulani kapeti, muone pansi pomwe pamakhala sipeya ngati pali makwinya kapena penti yosiyana.

China, mufunse nambala ya chassis ya Axio imeneyo. Mu 2012 m'mene anasintha thupi. Ikayamba ndi NZE141 ndi yakale ija, ikayamba ndi NZE161 ndi yatsopano. Zonse amazitcha "ya 2012" koma si galimoto imodzi. Muonenso ngati ili ndi batani la VSC, lija lothandiza galimoto isaterereke mukakhota mwadzidzidzi pozemba mbuzi kapena wa kabaza, komanso ngati pa nsanamira za m'mbali palembedwa kuti muli airbag ya m'mazenera.

Mlongo wa ku Mangochi

Awonjezerenso za Takata a makaniko. Galimoto zambiri za ku Japan za zaka zimenezo zinali ndi airbag za kampani imeneyi, zimene mankhwala ake amaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi, moti pophulika zimatha kuponya tizitsulo kumaso. Galimoto mamiliyoni ambiri zinaitanidwa kuti akazisinthe, kampaniyo mpaka inagwa mu 2017. Ife a kunyanja kuno nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Ndi nambala ya chassis yomweyo mutha kuona pa webusaiti ya Toyota ya ku Japan ngati galimotoyo inali m'gulu loitanidwa.

Mnyamata wa ku Zomba

Komanso musaiwale kuti a Daihatsu anavomera okha mu December 2023 kuti ankachita chinyengo pa mayeso a chitetezo, mitundu 64 ya galimoto inakhudzidwa mpaka anaimitsa kutumiza galimoto zonse. Ndiye nyenyezi zake ziti?

Achimwene a ku Sheffield

Zinachitikadi, koma tisasakanize. Amenewo anali mayeso amene kampani imachita yokha kuti boma livomereze galimoto. A JNCAP, Euro NCAP ndi Global NCAP ndi ena, oyesa ake si a kampani. Kwa ine nkhani imeneyi ikungoonetsa chifukwa chake oyesa apadera ali ofunika.

Namwino, Dedza

Achemwali, ine za injini sindilowererapo, koma ovulala a pa M1 timawalandira. Chidole cha pa mayeso chimakhala chitamangidwa lamba bwinobwino, chakhala mowongoka, ndipo chidole cha mwana chili pa mpando wake womangirira. Nyenyezi zonsezo zimadalira zimenezo. Ife kuno kumbuyo anthu savala lamba, mwana amakhala pamiyendo pa agogo kutsogolo, thumba la mbatata za pa Lizulu lili pa mpando wakumbuyo losamanga. Pangozi munthu wakumbuyo wosamanga lamba amaulukira wakutsogolo, ndipo mwana wa pamiyendo palibe mkono umene ungamugwire, kaya mayi ake ndi amphamvu bwanji.

Wa zaka 2 mugulireni mpando wake, muumangirire kumbuyo. Ngati mpandowo ndi woyang'ana kumbuyo, musauike kutsogolo pamene pali airbag. Wa zaka 7 akufunika kampando komukweza kuti lamba adutse pa phewa ndi m'chiuno, osati pakhosi ndi pamimba. Ndalama imeneyi muichotseretu pa bajeti ya galimoto, musati mudzagula mwezi wa mawa.

Ndipo ngati n'kotheka, ulendo wa madzulo muusinthe ukhale wa m'mawa. Bambo angakonde kuti mufike Loweruka kukacha kusiyana n'kuti muziyenda mumdima mutatopa ndi ntchito.

Dalaivala wa ku Mchesi

Apo anamwino anena. Ndipo mabuleki odzigwira okha a Mira aja musawadalire kwambiri, amagwiritsa ntchito kamera ya pa galasi lakutsogolo. Fumbi la October, mvula yamphamvu, kapena galasi likasweka n'kuika lina osaikonzanso kamerayo, basi zatha.

Membala wobisidwa dzina

Zikomo nonse, sindinayembekezere kuti mungadzipereke chonchi. Ndawaimbira aja akundithandiza. Akuti Axio ndi NZE161, giredi 3.5, ndipo auction sheet atumiza mawa. Mira ndi giredi 4.5. A makaniko, 3.5 ndi yoopsa? Ndipo kuyenda kwambiri kumachepetsa chitetezo?

Makaniko wa ku Biwi

3.5 si ya ngozi ayi mayi, nthawi zambiri ndi zokalika, timabowo ndi mipando yakutha. Koma pepalalo likabwera muliike pano tilione, makamaka kachithunzi ka galimoto kamene amalembapo zilembo. XX ndiye kuti chitsulo chimenecho anasintha, W ndiye kuti anawongola. Ikakhala pa chitseko chimodzi palibe vuto, ikakhala kutsogolo konse tikambirananso.

Makilomita ambiri sathetsa chipinda cha galimoto, chimene chimathetsa ndi dzimbiri. Apempheni chithunzi cha pansi, chifukwa za kumpoto kwa Japan kumene amathira mankhwala osungunula chipale pamsewu zimabwera zitadyeka. Zotsalazo ndi zosintha: ma shock, ma pad a mabuleki, mafuta a mabuleki. Matayala muyang'ane manambala anayi a m'mbali, awiri omaliza ndi chaka chimene anapangidwa. Ambiri amabwera ndi matayala a nyengo yozizira, ofewa, okhala ndi timizere tambirimbiri. Amenewo pa phula lotentha lathuli sagwira bwino mabuleki, muwachotse musanapite ku Ntcheu.

Membala wobisidwa dzina

Chabwino, pepala likafika ndiliika pansi pa ndemanga yanu yomweyi. Anamwino, mipando ya ana yogula pa kaunjika ndingaidalire, kapena ndifunefune yatsopano?

Namwino, Dedza

Yatsopano ngati mungakwanitse. Ya pa kaunjika simudziwa ngati inakhalapo pangozi. Mukakakamizika, onani kuti pulasitiki ilibe mng'alu, malamba ake onse alipo ndipo chomangira chikulira "kha" mukatseka, komanso pansi pali chikwangwani cholembedwa R44 kapena R129, chosonyeza kuti mpandowo unakhoza mayeso a chitetezo. Muyese kuumangirira m'galimoto musanalipire, chifukwa ina imafuna tizitsulo tokolerapo mpando totchedwa ISOFIX timene si galimoto zonse zili nato.