Ndakhazikika pa Blender

Paja ndinafunsa pulogalamu yaulere yoti ndiyambe nayo kupanga zinthu za 3D za gemu yanga. Ambiri munati Blender, ena Blockbench. Ndayesa zonse. Blockbench ndi yosavuta ndithu, koma imakomera zinthu zooneka ngati mabokosi, pomwe ine ndikufuna anthu opinda mawondo bwinobwino poyenda. Choncho ndatsala ndi Blender.

Mabatani ake ndi ambirimbiri moti poyamba mutu umazungulira, koma G posuntha, R potembenuza ndi S pokulitsa andifikitsa patali. Dzulo ndinatumiza kampando kamene ndinapanga mu Blender ku Godot, pulogalamu yopangira gemu, ngati fayilo ya .glb, kanatuluka ndi mitundu yake yonse. Inu amene munati ndizitsatira maphunziro a Blender 2.8 kupita m'tsogolo, zikomo kwambiri, akalewo maonekedwe ake ndi ena. Pano ndikulimbana ndi kuika mafupa mwa anthu a mu gemu yanga kuti azitha kupinda ziwalo.