Jenereta tangoikonza kumene, koma ikufuka utsi wakuda ikafika 300 kW

Mbewe, Dedza:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru ndisanalakwitse kawiri. Pamalo pathu tili ndi majenereta awiri a dizilo a 500 kVA, ndiwo amagwira fakitale magetsi akathima. Nambala 1 tinaitsegula mwezi watha itakwanitsa maola 18,000. Taika ma liner (mapaipi amene mapisitoni amayendamo), mapisitoni, ma ring'i, mabeyaring'i, magasiketi ndi ma injekita atsopano, mahedi tinatumiza ku Lilongwe kukakonza mavalavu. Ikakhala yopanda katundu ikulira bwinobwino. Tikangoisenzetsa 300 kW, utsi wakuda bii, ekizozi ikufika madigiri 580. Chonsecho pa pepala imayenera kupereka 400 kW. Chikundisowetsa tulo n'chakuti Lolemba likubwerali tikuyenera kutsegula Nambala 2, ndiye kwa masiku 12 Nambala 1 idzatsala yokha. Mabwana akuti tsikulo silisuntha.

Kamanga, Lilongwe:
Achimwene, yambani ndi ma injekita. Chatsopano sichitanthauza kuti n'chabwino, makamaka masipeya amene akulowa masiku ano. Nambala zake zikufanana ndi za m'buku? Munawayesa pa benchi musanamange?

Mbewe, Dedza:
Nambala zikufanana a Kamanga, ndinaonetsetsa ndekha. Pa benchi anayesedwa onse, malipoti ndili nawo.

Madala Chisale, Ntcheu:
Mwana wanga, mavalavu munasiya mpata wanji, ndipo munayesa injini itazizira? Hedi ikachokera kokonza, gasiketi imakhazikika ikatentha koyamba, mpata umatha kusintha. Ine zaka zanga zonse sindinaperekepo injini kwa mwini wake ndisanabwereze kuyeza mpatawo ndi filageji.

Mbewe, Dedza:
Ndinabwereza dzulo m'mawa madala, itagona usiku wonse. Valavu imodzi yokha ndiyo inali itathina pang'ono, ndakonza, koma utsi sunasinthe.

Nachisale, Blantyre:
Utsi wakuda ndi ekizozi yotentha zikutiuza chinthu chimodzi: mafuta achuluka kuposa mpweya. Tonse tikuthamangira kumbali ya mafuta, koma mbali ya mpweya palibe waifunsa. A Mbewe, pamndandanda wa ntchito mwatchulawo sindikuonapo tabo, yomwe imakankhira mpweya mu injini, kapena kula yoziziritsa mpweya wochokera mu tabo. Zinali mu ndondomeko ya ovaholo? Tipatseni manambala awiri pa 300 kW: boost, presha ya mpweya wochokera mu tabo, ikufika pati, komanso mpweya ukulowa mu manifodi, njira yolowera mu injini, uli ndi madigiri angati.

Mbewe, Dedza:
Achemwali mwandigwira pomwepo. Tabo tinangoyesa kugwedera kwa shafiti, inali bwino, tinaibwezera. Kulayo sitinaikhudze n'komwe. Pa nthawi yolemba mndandanda ndalama zakunja zinali zovuta, ndiye chilichonse chomwe chinkaoneka chamoyo tinachichotsa. Ndipita ndi geji masana ano.

Maseko, Ntcheu:
Mukamapita kumbukirani komwe makinawo akhala. Dedza ndi tauni yokwera kuposa ina iliyonse m'Malawi muno, pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere. Mphamvu yolembedwa pa chitsulo cha jenereta imawerengedwa pa mpweya wa 100 kPa ndi kutentha kwa madigiri 25. Kwanuko mpweya uli cha m'ma 83 kapena 84 kPa. Tabo imayesetsa kubweza chosowacho pozungulira mwamphamvu, koma ili ndi malire ake, ndipo ekizozi imatentha kuposa mmene ingatenthere ku Nsanje kapena ku Beira. N'chifukwa chake opanga injini amaika tebulo losonyeza mphamvu yoti muchotsere malinga ndi kukwera kwa malo ndi kutentha. Ine ndinaziona titasamutsa jenereta kuchoka ku Bwanje, kuchigwa, kupita nayo kumtunda cha ku Tsangano. Makina omwewo, dizilo yemweyo, koma katundu amene inkanyamula mosavuta kumusi inayamba kumufukira utsi.

Kamanga, Lilongwe:
A Maseko, phiri la Dedza silinakwere mwezi watha. Injiniyi yakhala pomwepo zaka zonsezi. Ngati kale inkanyamula 300 kW popanda utsi, ndiye kuti china chake chasintha pa ovaholo.

Maseko, Ntcheu:
Mukunena zoona akulu, sindikutsutsa. Ndikungoti malowo amachepetsa mpata wolakwitsa. Kudontha kwa mpweya kumene injini ya kuchigwa ingakupirire, ya ku Dedza imakuonetsa msanga. Komanso a Mbewe, kale inkanyamuladi zingati? Muli ndi manambala a isanatsegulidwe?

Mbewe, Dedza:
Apa ndiye pondipweteka. Sitinalembe kanthu tisanatsegule. M'buku la oyendetsa makina muli maola, oilo ndi madzi basi. Ndafufuza m'mafayilo akale ndapeza pepala la tsiku lomwe anaiika, boost inali 1.6 bar pa katundu wofanana ndi ameneyu. Lero ndapeza 1.1 bar, mpweya wa mu manifodi madigiri 72.

Kenako ndinachita zomwe madala anatiphunzitsa tili ku maphunziro a ntchito: madzi a sopo m'botolo, kuwaza pa malumikizidwe onse injini ikulira. Pa paipi ya labala yotuluka mu kula, kunsi kumene diso silifika, thovu linangoti fuu. Nditazimitsa ndinalowetsa dzanja, chala chinalowa mu mng'alu wautali ngati chala chomwecho, pansi penipeni pa kilampu. Zikuoneka kuti pomanga tinaikoka mopotoka, labala yakale n'kung'ambika. Ndipo nditaunika ndi tochi pakati pa kula ndi radiyeta, zipsepse zake zatsekeka ndi fumbi la gaga losakanikirana ndi oilo, lolimba ngati chikhokho cha nsima. Kunja kunkaoneka koyera chifukwa anyamata amapopera mbali yowonekayo.

Nachisale, Blantyre:
Ndiye zimenezo. Musatsuke ili pomwepo, ichotseni. Madzi asakhale amphamvu kwambiri, zipsepse za aluminiyamu zimapindika msanga, ndipo muzipopera kuchokera mbali yomwe mpweya umatulukira. Mukatha tsekani mbali zonse, ikani mpweya, muone ngati ikusunga. Mapaipi a labala sinthani onse, osati yong'ambikayo yokha, anabadwa tsiku limodzi.

Madala Chisale, Ntcheu:
Ndipo injiniyo musaileke ikulira yopanda katundu ati ikhazikike. Ma ring'i atsopano amafuna katundu kuti agwirane ndi liner. Mukainyengerera, liner imasalala ngati galasi, kenako muzidzathira oilo sabata iliyonse.

Mbewe, Dedza:
Ndabwera ndi zotsatira. Kula tatsuka, yasunga mpweya, mapaipi ndi makilampu onse atsopano, tinawapeza ku Lilongwe. Tinakweza katundu pang'onopang'ono, 100, 200, 300 kW, ola limodzi paliponse. Pa 300 kW boost 1.55 bar, manifodi madigiri 49, ekizozi 490, utsi kulibe. Tinafika 360 kW, pamenepo ndinaima chifukwa tebulo lomwe a Maseko anatchula ndalipeza m'buku ndipo likutiletsa kupitirira apo nyengo yotentha ya Okutobala. Ndalemba 360 kW pa khomo la panelo ndi penti.

Za Nambala 2, ndinapita kwa mabwana ndi mapepala a manambalawa, avomera kusuntha ndi sabata imodzi. Sabata imeneyo tiiyendetsa pa katundu n'kulemba boost, ekizozi, presha ya oilo ndi mpweya wotuluka mu krankikesi, komanso titumiza oilo kukayezetsa. Kula, radiyeta ndi tabo zalowa mu mndandanda. Bauti yoyamba sitimasula mpaka sipeya iliyonse itawerengedwa m'sitolo, chifukwa magasiketi a hedi akadali pa msewu kuchokera ku Johannesburg.

Maseko, Ntcheu:
Pa masiku 12 amenewo gwirizanani ndi a fakitale kuti mota zikuluzikulu asamaziyatse pamodzi magetsi akathima. Alembereni yoyamba kuyatsa ndi yotsatira, mumate pa panelo pomwepo. Tsiku lotsitsa mahedi mundiuze, ndikwera basi ndibwere ndi geji yanga yoyezera kutuluka kwa ma liner.