Kodi liwu lakuti "kaya" ndi limodzi kapena ndi mawu angapo ofanana?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Ndimaphunzitsa Chichewa pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ngabu, ndipo ndili ndi funso limene landizunguza mutu. Mnzanga wina wochokera ku Rumphi, amene amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo, nditamufunsa kumene akadyere Khirisimasi anandiyankha kuti "kukaya". Ine ndinamva ngati akunena kuti sakudziwa, popeza kwathu kuno munthu akati "kaya" ndiye kuti alibe yankho, pamene iye ankatanthauza kwawo. Kodi limeneli ndi liwu limodzi limene linapatukana matanthauzo, kapena ndi mawu awiri amene anangofanana kamvekedwe?

Agogo a ku Tengani:
Aphunzitsi, ine ndinagwirapo ntchito ku migodi ya ku Joni, ndipo kumeneko Azulu amati "ikhaya" akamanena kwawo, mwakuti munthu akamaliza nthawi yake n'kumalongedza katundu ankati akupita "ekhaya". Liwu la mnzanu wa ku Rumphiyo ndi m'bale wake wa limeneli. Kusiyana kwake ndi kwakuti Azulu amatulutsa mpweya potchula, monga mmene ife timasiyanitsira "kala" ndi "khala", pamene Atumbuka satero. Koma "kaya" wathuyu sindikumuona pa mtundu umenewo ayi. Ine ndimamuona ngati mnansi wa "kukayika", chifukwa onse awiri amanena za mtima umene sunakhazikike.

Namwino wa ku Nsanje:
Agogo anena zoona, koma liwuli linafika kutali kuposa Joni. Zaka zapitazo tinkagwira ntchito ndi mtsikana wina wa ku Japan amene anabwera kudzathandiza pa chipatala chathu, ndipo tsiku lina anaseka mpaka misozi pamene mayi wina, atafunsidwa ngati ana ake amagona m'neti, anangoti "kaya". Anatiuza kuti m'Chijapanizi "kaya" ndiye neti yeniyeniyo yotetezera udzudzu. Tangoganizani, m'chigwa muno mmene udzudzu wochokera m'madambo a Shire sutipatsa tulo, mayiyo anatchula dzina la chinthucho m'chiyankhulo chimene sanachimvepo! Chichokereni tsiku limenelo ndinayamba kulisakasaka liwuli. Ku Turkey limatanthauza thanthwe, ndipo anthu ambiri kumeneko ali ndi dzina la bambo lakuti Kaya. Ku Malaysia ndi ku Indonesia limatanthauza munthu wolemera, komanso ku Malaysia ndi ku Singapore ndi dzina la chopaka pa buledi chopangidwa ndi kokonati, mazira ndi shuga.

Wophunzira wa ku Bangula:
Amayi, zitsanzo zanu ndi zosangalatsa, koma ndikupempha kuti tisaziike m'dengu limodzi ndi za agogo. Chitumbuka, Chizulu ndi Chiswahili ndi ziyankhulo za banja limodzi la Bantu, ndipo liwu lawo lonena za pakhomo linachokera ku muzu umodzi. Ku Tanzania "kaya" ndi banja lokhala pakhomo limodzi, ndipo ndilo liwu limene amagwiritsa ntchito pa kalembera. Ku Kenya, m'mbali mwa nyanja, anthu a mtundu wa Mijikenda amatcha "kaya" nkhalango zawo zopatulika mmene munali midzi ya makolo awo, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa malo ofunika pa dziko lonse mu 2008. Munthu wa kuno amene amadziwa ulemu umene timapereka ku Khulubvi kwa Mbona sangavutike kumvetsa zimenezi. Koma Chijapanizi ndi chiyankhulo cha ku Turkey zilibe ubale uliwonse ndi ife. Liwu la maphatikizo awiri okha, "ka" ndi "ya", ndi losavuta kutchula, ndipo popeza ziyankhulo za pa dziko zikuposa 7,000, n'zosadabwitsa kuti anthu osadziwana anafika pa kamvekedwe kamodzimodzi, aliyense ndi tanthauzo lake.

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Zikomo nonse. Powerenga mayankho anu ndazindikira kuti ndinalakwitsa poganiza kuti "kaya" wathu ali ndi tanthauzo limodzi lokha. Mlimi wa ku dimba akati "kaya mvula igwe kaya isagwe, ine ndidzala", sakukayika konse, koma akusonyeza kuti watsimikiza mtima. Munthu akakwiya n'kunena kuti "kaya zako izo", wasamba m'manja. Ndipo m'mawa uliwonse timayankhana kuti "ndadzuka bwino, kaya inu", pamene liwu lomwelo likungobweza funso mwaulemu. Lolemba ndikalemba ziganizo zitatu zimenezi pa bolodi kuti ana a Fomu 3 akandiuze okha kusiyana kwake, ndipo ndikudziwa kale liwu limene ambiri a iwo akayambe nalo kundiyankha.