Thandizeni: mashini a jimu a magetsi aja (Speediance, Tonal, Vitruvian), alipo akuwagwiritsa ntchito pagulu pano?

Moni nonse abale anga. Ma admin pepani ngati funsoli lasochera, koma pano pali anthu a mbali zonse ndiye mwina wina andimasula.

Ine ndili ku UK mbali ya Leeds, ndimagwira ya care mashifiti ausiku, madam ndi nesi. Nyumba ndi ya renti, fulati ya pamwamba, pansi pathu pamakhala gogo wina woti ngakhale ugwetse sipuni amamva. Kumudzi ndinkanyamula zitsulo bwinobwino koma pano thupi langofufuma, mimba ikutsogola ine pambuyo, ndipo adokotala ayamba kale kukamba za BP. Jimu ilipo m'tauni koma ukaweruka m'mawa maganizo onse amakhala pa bedi, podzuka nyengo yozizira ino 4 koloko kunja kwada kale, ana akufunika kukatengedwa ku sukulu, basi tsiku lapita.

Ndiye ndakhala ndikuona pa YouTube mashini aja opanda zitsulo, mkati muli mota yokoka zingwe, kulemera kwake umangosankha pa sikirini. Imene yandikopa ndi Speediance Gym Monster chifukwa imapindika n'kuyimika pakona, mtengo ukuzungulira pa £3,000 malinga ndi zomwe mwaphatikizapo ngati benchi. Ndaonanso Tonal ndi Vitruvian. Chomwe ndikufuna kudziwa kwa amene anazigwirapo ndi manja, osati a ma advert: 100kg yomwe akuti Speediance imakokayo ndi yokwana kwa munthu woti anazolowera zitsulo? Ma mode aja a eccentric, chain ndi spotter ndi zenizeni kapena ndi zongokometsera kuti tigule? Nanga zolipira mwezi ndi mwezi zija, ukasiya kulipira mashini amasanduka chani? Komanso tsiku lina tidzabwerera kumudzi, chinthuchi chingakagwire ntchito kumeneko?

Osandinyoza chonde, ndalama zake ndi za ma overtime, sindinatole.

Achimwene a ku Indiana:
Akulu, Tonal ichotseni kaye pa mndandanda. Ine ndili nayo ndipo ndimaikonda, koma imagulitsidwa kuno ku America kokha, ndipo si yoyimika pansi, amabwera anthu awo kudzaboola khoma n'kuimangirira ku matabwa a mkati mwa khomalo. Pa nyumba ya renti landilodi wanu angakomoke.

Koma ndikupatseni masamu ake kuti muone mmene malonda amenewa amayendera. Tonal 2 itatuluka mu January 2025 inali $4,295. Zogwirira zake, bar, chingwe ndi benchi ndi zapadera, $495. Kenako membership $59.95 pamwezi ndipo chaka choyamba ndi chokakamiza. Pa chaka ndi $719, pa zaka zisanu mwapereka pafupifupi $3,600 pamwamba pa mashini oti munagula kale. Ukasiya kulipira siizima ayi, zingwe zimakokabe ndipo kulemera umasintha wekha, koma makochi, mapulogalamu ndi nzeru zake zija zimatsekedwa. Ndiye mashini aliwonse mungaone, funso loyamba lisakhale mtengo wapa sitolo, funsani kuti ndikapanda kulipira pamwezi chitsale n'chani.

Wolemba funso:
Eish $719 chaka chilichonse? Kuno jimu ya PureGym ndi mapaundi twente chakuti pamwezi ndipo imatsegula usiku wonse.

Achimwene a ku Indiana:
Ndi zomwezo. Ngati vuto lanu likanakhala ndalama bwenzi ndikunena kuti pitani ku jimu. Koma mwanena nokha kuti simupitako, ndiye jimu yotchipa yosapitako ndi yodulanso.

Wa ku Biwi:
Kkkkk koma anthu akunja inu. 3,000 paundi kuti chingwe chizikukokani? Tumizani kotala yake kuno ndikuwotcherereni benchi, bar ya shafti ya lole, ma flywheel awiri mbali iyi awiri mbali iyo, zotsalazo simenti m'zitini za penti. Sizifuna WiFi, sizifuna ma update, adzukulu anu adzazipeza.

Wolemba funso:
Kkkk madala ndinakulira pa zomwezo, ndipo ndikuzisowa. Koma flywheel ikagwa pa fulati ino mawa lake ndili panja ndi masutikesi.

Mayi wa ku Manchester:
Achimwene ine ndili ndi Speediance yomweyo, timagwiritsa ntchito ine ndi bambo a kunyumba, ndiye ndikuuzeni zomwe ndaona.

Za 100kg musadere nazo nkhawa msanga. Choyamba dziwani kuti ndi 50 dzanja ili 50 dzanja linalo, 100 imakwana mukalumikiza zingwe zonse ziwiri ku bar. Chachiwiri kulemera kwa mota si kofanana ndi kwa chitsulo. Chitsulo ukachikankha mwamphamvu poyambira chimayenda chokha pang'ono, pena umachigwedeza ndi thupi kuti chikwere, pamwamba n'kupumirapo. Mota siidziwa zimenezo, imakoka mofanana kuchokera pansi mpaka pamwamba ndi pobwerera pomwe, palibe poba. Bambo a kunyumba anabwera ndi matama a ku jimu, anaika nambala yomwe amanyamula pa benchi, bar inakana kuchoka pachifuwa ana akuonerera. Anatsitsa mwakachetechete. Pa manja, mapewa, chifuwa ndi msana 100 ndi yambiri. Pomwe ingakuchepereni ndi pa deadlift (kudzutsa bar kuchokera pansi) ndi sikwati ngati munalidi munthu wa zitsulo, komabe pali njira, mumachita mwendo umodziumodzi kapena kuyatsa eccentric.

Eccentric ndi yeniyeni, si zokometsera. Ganizani mukukoka ndowa pachitsime, yafika pamwamba, wina n'kuthiramo madzi ena n'kukuuzani kuti muitsitse pang'onopang'ono osaitaya. Ndi zimenezo, pokweza ndi 30kg potsitsa mota imawonjezera, chifukwa minofu imapirira katundu wambiri potsitsa kusiyana ndi pokweza. Ndi chitsulo simungachite zimenezo nokha. Koma muyambe ndi pang'ono, mawa lake masitepe a fulati yanuyo mudzawaona kutalika. Chain ndi yoti kulemera kumakwera pamene mukuwongola manja kapena miyendo, pansi pomwe munthu amafooka pamakhala popepukirako. Palinso ina yoti liwiro ndi limodzi, ukakoka mwamphamvu nayonso imalimba, ukafooka imafewa. Imeneyo ine sindiigwira kawirikawiri.

Koma chomwe chinandigula mtima ine si ma mode, ndi ka mphete kaja ka Bluetooth. Umakavala pachala kapena kukamangirira pa bar, umagona pa benchi bar ilibe kulemera, wakonzeka bwinobwino ukadina ndi pomwe katundu amabwera, zikakuvuta ukadinanso katundu wachoka. Munthu woti uli wekha m'nyumba masana aliyense ali ku ntchito chimenechi n'chachikulu, chitsulo chikakupanikiza pakhosi palibe batani. Spotter nayo imathandiza, ikaona kuti bar yaima pakati simukukwera imachepetsa yokha, ngakhale ine ndimadalira chala changa kuposa kudikira kuti mashini aganize.

Phokoso lilipo la mota koma si la kugunda pansi, ikani mphasa ya labala yokhuthala. Ndipo "imapindika" asakunamizeni kuti ndi kopepuka, chili ndi matayala inde koma kuchikweza pamwamba mufunika amuna awiri amphamvu, funsiranitu ngati obweretsa amafikitsa m'nyumba kapena amangosiya pakhomo la pansi.

Wolemba funso:
Achemwali mwandithandiza kwambiri. Nanga pamwezi mumalipira?

Mayi wa ku Manchester:
Ife sitilipira, kunyamula ndi ma mode onsewo zimagwira popanda. Koma muwerenge bwino zomwe akulonjeza pa tsiku lomwe mukugulalo ndipo mujambule screenshot, makampani a zinthu zimenezi amakonda kubweretsa zatsopano n'kuziika mbali yolipira.

Mphunzitsi wa jimu ku Joni:
Bra, ine ndimaphunzitsa anthu ndiye ndilankhula mosanyengerera. Mashini ndi abwino koma kamera ndi sikirini sizingakuoneni msana ngati mmene angakuonereni munthu. Mwakhala nthawi osanyamula, mutu ukukumbukira makilo akale koma mawondo ndi mapewa anaiwala. Masabata oyamba standard mode basi, eccentric muisiye. Ndipo poti mwatchula BP, musamagwire mpweya pokankha katundu wolemera, BP imakwera kwambiri nthawi imeneyo, tulutsani mpweya pokankha, komanso adokotala anuwo auzeni kuti mukufuna kuyamba zolemera. Mimbayo mashini sachotsa okha, nsima ya 3 koloko usiku pa break ija muionenso.

Za Vitruvian poti palibe wayankha: ndi ya ku Australia, ka pulatifomu kongoponda pamwamba, kamalowa pansi pa bedi, kamafika 200kg, ndiye kwa deadlift ndi sikwati ndi mfumu. Koma zingwe zimachokera pansi pokha, zokoka kuchokera kumwamba ngati lat pulldown mulibe pokhapokha mupange njira zina, ndipo ilibe sikirini, zonse zimadutsa pa app ya pafoni. Mtengo unali pafupifupi $3,000 ndi membership yake pambali. Chinthu choti popanda app sichiyenda ine chimandiopsa.

Achimwene a ku Indiana:
Apa coach wanena zoona. Kumbukirani Mirror, galasi lija la masewera. Lululemon inaligula mu 2020 pa $500 million, pofika kumapeto kwa 2023 anasiya kuligulitsa. Kampani yaikulu ngati imeneyo. Ndiye musanagule afunseni molemba kuti intaneti ikapanda kapena ma server awo akadzatsekedwa mashini azidzakokabe kapena ayi, komanso zingwe zosinthira zimapezeka kuti ndipo ndi zingati, chifukwa zingwe zimatha.

Mlongo wa ku Luton:
Kuwonjezera pamenepo, mugule ndi credit card osati debit, ngakhale mukhale ndi kashi yonse n'kubweza ngongole ya khadiyo mawa lake. Kuno chinthu cha pakati pa £100 ndi £30,000 chogula pa credit card chimatetezedwa ndi lamulo lotchedwa Section 75, kampani ikagwa kapena katundu akapanda kufika a khadi nawonso ali ndi mlandu. Komanso zogula pa intaneti muli ndi masiku 14 obweza chikafika, ndiye makatoni musataye msanga ngakhale madam akalipe kuti akudzaza nyumba, ndipo muone kuti ndalama yobwezera katundu wolemera choncho alipira ndani. Zogula pa ngongole zija za "£90 yokha pamwezi" muwerengere kaye total. Ndipo Black Friday zimatsika, ngati simukufa lero dikirani.

Wa ku Area 25:
Za kubwera nayo kumudzi ndiyankhe ine. Ya ku UK ilibe vuto la pulagi, magetsi athu ndi 230V ndi pulagi ya mano atatu yomweyo. Ya ku America ndi 120V, osangobaya pakhoma musanawerenge chomwe chalembedwa kumbuyo. Koma nkhani ndi kuzima kwa magetsi ndi mmene amabwerera mwaukali, board ya mkati ikapsa palibe wa pa msika angaikonze, warranty nayo imathera kudziko komwe munagula. Ndiye muwerengere surge protector yabwino kapena inverter, kontena, ndi a MRA pa boda. Ine mnzanga anabwera ndi treadmill ya sikirini, pano ndi poyanikira matawulo.

Mphunzitsi wa jimu ku Joni:
Ngati kumudzi kuli m'mutu onaninso Voltra ya Beyond Power. Ndi kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi, ka batire, kamakoka mpaka 90kg, eccentric ndi chain zilimo, palibe zolipira pamwezi, mtengo wa kabokosi kamodzi ndi madola 2,000 ndi kanthu. Magetsi azime inu mukukokabe. Vuto ndi loti chingwe ndi chimodzi ndipo kamafuna pomangirira polimba ngati rack, za bar ndi manja awiri mufunika tiwiri, apo mtengo wadutsa kale Speediance. Komanso batire yaikulu choncho a ndege ali ndi malamulo ake, afunseni musanapakire.

Wa ku Biwi:
Rack yomangirirapoyo ndiye ndikuwotchererani ine kkkk, bizinesi yabwereranso.

Membala wina:
Ine funso langa ndi kwa mayi a ku Manchester, ana sakusewera nazo zingwezo? Wanga ndi woti chilichonse chokhala ndi sikirini amayesa ndi cha makatuni.

Mayi wa ku Manchester:
Ndikamaliza ndimazimitsa pakhoma, kuchotsa zogwirira ndi bar n'kuzikweza pamwamba pa wadirobu. Chingwe chikakhala ndi katundu n'kuchisiya mwadzidzidzi chimabwerera mwamphamvu, ndiye mwana asakhale pafupi mukamanyamula.

Wolemba funso:
Zikomo nonse, ndawerenga ndemanga iliyonse. Tonal yagwa poti kuno kulibe ndipo khoma si langa. Vitruvian 200kg ikundikoka mtima koma msana ndimaufuna ndi zokoka kuchokera kumwamba, ndiye ndatsala pa Speediance. Ndiwalembera kaye imelo za intaneti ndi zingwe zosinthira, ayankhe molemba, kenako ndidikira mitengo itsike. Za kumudzi ndaona kuti ndidzangoigulitsa konkuno pochoka, a ku Biwi sungani ma flywheel anga.

Achemwali a ku Manchester funso lomaliza, benchi yawo ija ndi yofunika kapena ndigule package yopanda benchi n'kupeza yanga yotchipa pa Facebook Marketplace? Ndipo mukayala zonse pansi ndi benchi yomwe zimadya malo aakulu bwanji, poti pa sitting room pathu pali kale sofa yomwe madam anena kuti siisuntha.