Banki m'khonde ya ku Joni: mkangano wa katundu wa Khirisimasi

Nangozo: Mwaswera bwanji nonse. Ndilankhule pano pagulu kuti mawa zisamveke kuti ndimanenera kumbali. Ndikufuna R2,500 yanga ya katundu wa Khirisimasi ibwerere m'manja mwanga. Amayi aimba usiku, ku Ntcheu mvula inagwa, chimanga chamera, koma feteleza alibe ngakhale thumba limodzi. Sopo ndi mabisiketi sathira m'munda.

Nabanda (msungichuma): Asisi, pepani ndi nkhani ya kumudziyo. Koma ndalama ija kulibe, inasanduka katundu. Tsiku la Black Friday, limene masitolo amatsitsa mitengo, ine, Nachisale ndi aMwale tinadzuka m'mamawa kupita ku sitolo ya Makro ya ku Crown Mines. Anthu 12, aliyense R2,500, zinakwana R30,000. Zakudya ndi sopo R20,400. Transipota tamulipira kale R7,200. Galimoto yotutira katundu, zikwama ndi tepi R900. Yatsala R1,500, ili m'bokosi. Malisiti onse ndinajambula, kwerani m'mwambamu muwaona.

Nangozo: Ine pa msonkhano umene munagwirizana zimenezi kunalibe. Abwana sanandipatse ofu.

Nachisale (mlembi): Kunalibe, inde. Koma m'buku la gulu zinalembedwa mu Febuluwale, ndipo Lamlungu lotsatira munasaina nokha, chindapusa cha kujomba n'kulipira. Mu Okutobala ndinafunsanso kuti amene sakufuna katundu anene mwezi usanathe. Munayankha ndi chala chokweza m'mwamba. Ndichitumize?

Nangozo: Musandiyalutse achemwali. Mu Okutobala ndinkadziwa kuti dzina la amayi silituluka pa feteleza wotsika mtengo?

aPhiri: Nangozo akunena zoona. Ndalama ndi ya mwini wake. Ine kuyambira kale maganizo a magolosale amenewa sindinkawafuna, tinangotengera ma stokvel, magulu osonkherana ndalama a anthu akuno. Ife banki yathu ndi yobwereketsana, osati yogulira makaroni.

Naphiri: Alamu, inu ndiye mukanayamba mwakhala chete.

aMwale (wapampando): Tiyeni tilankhule mmodzimmodzi. Ndikumbutse chimene tinayambira zimenezi, chifukwa anthu tikakhuta timaiwala. Chaka chatha tinagawana masheya pa 16 Disembala, poti ndi holide kuno ndipo a zomangamanga amakhala atatsekera. Kutuluka pamenepo aliyense anathamangira mu tawuni ndi ndalama m'thumba. Mzere pa takisi, mzere pa sitolo, mzere kwa transipota, ndipo transipota wa Disembala amatchula mtengo umene wafuna chifukwa akudziwa kuti mulibe kolowera. Mmodzi wa ife anamusolola foni ndi ndalama yomwe ali ndi zikwama m'manja monse. Katundu wa ena anaima pa Beitbridge pa chipwirikiti cha anthu opita kwawo, pofika ku Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka pa Mwanza, Khirisimasi inali itadutsa. Ana anavala zovala za Khirisimasi mu Januwale. Ndiye tinati chaka chino tigule msanga, tigule pamodzi, mndandanda ukhale umodzi, galimoto imodzi inyamuke sabata yoyamba ya Disembala. Palibe amene anakakamizidwa.

Naphiri: Ndiponso mndandanda umenewo tinaukhalira pansi. Mpunga tinachotsa chifukwa n'zamanyazi kutumiza mpunga wa kuno kwa anthu amene amadya Kilombero. Shuga tinachotsa, Illovo ili konko ku Nchalo ndi ku Dwangwa. Pa mndandanda panatsala mafuta ophikira, fulawa, majarini, mkaka wa ufa, nsomba zam'chitini, sopo wochapira ndi wosambira, ndi timaswiti ta ana. Ine koyamba chibwerere ku Joni Disembala wandipeza ndikugona tulo.

aPhiri: Koma kutumiza ndalama pa Mukuru n'kosavuta kuposa zonsezi. Lero watumiza, lero lomwe alandira.

Naphiri: Alandira, kenako? Chichokereni pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mumatumiza ndalama yooneka yambiri pa foni, akafika pa golosale abwerako ndi jumbo imodzi. Ndipo ndalama ikafika pamudzi aliyense amakhala ndi vuto lake, amalume njinga yafa, mlamu ali ndi ngongole ya kachasu. Chigubu cha mafuta chimafika kukhitchini.

Nangozo: Zonsezo ndamva, koma ine vuto langa ndi feteleza. Ndibwerekeni ndiye.

Nabanda: Ngongole tinatseka kumapeto kwa Okutobala kuti ndalama zonse zibwerere tisanagawane. Ndikatsegulira inu, mawa anthu asanu ali pakhomo panga. Thumba la zadzidzidzi nalo malamulo amati ndi la maliro ndi matenda basi.

Nachisale: Ndili ndi maganizo. Ine chaka chino sindipita kumudzi, ndipo achemwali anga akubwera ndi ana kuchokera ku Pretoria kudzadyera Khirisimasi kwanga ku Rosettenville. Katundu wanga apite kumudzi monga tinapanganira, koma wa Nangozo ndigule ine, tidye konkuno. Ndipereka R1,700, mtengo wake wa pa lisiti, Lachisanu ndikalandira.

Nangozo: R1,700? Ine ndinapereka R2,500. R800 yapita kuti?

Nabanda: Tiwerengere limodzi. R1,700 zakudya. R600 malo anu m'thirela ya transipota. R75 gawo lanu la galimoto yotutira ndi zikwama. R125 gawo lanu pa ndalama yotsala ija, imeneyo ndikupatsani ngakhale lero. Ya galimoto inapita, katundu wanu anakwera nawo. Nkhani yatsala pa R600.

Nangozo: Ndilipire malo a katundu amene sakupita? Gulu libweze.

Naphiri: Gulu ndi ndani? Ndife tomwe. Mukutanthauza kuti ife 11 tisonkhe kulipira malo opanda kanthu chifukwa inu mwasintha maganizo katundu atagulidwa kale. Ayi asisi, pamenepo ndakana.

aMwale: Ndamuimbira transipota. Akuti ndalama sabweza chifukwa anakana katundu wa anthu ena kuti atisungire malo. Koma akuti tikhoza kuikapo katundu wina wolemera mofanana.

aPhiri: Ndiye malowo ndipatseni ine. Ndili ndi sipika ndi njinga ya mwana, ndinagula ku Dragon City.

Nabanda: AMwale, mundilole ndinene, ndakhala ndikudzigwira. APhiri ali ndi ngongole ya R4,000 ya mu Ogasiti, ndi chiwongoladzanja yafika R4,800, sanabwezeko olo R10. Ndikawaimbira amati pisiweki yavuta. Lero ali ndi ndalama ya sipika? Ndipo R2,500 yawo ya katundu sanapereke yonse, anapereka R1,500, R1,000 ndinawaikira ine ya m'thumba mwanga kuti chiwerengero chikwane.

aPhiri: Amayi, zimenezo tikanakambirana awiri. Sipikayo ndi ya mphatso, ana anandipempha kalekale.

Naphiri: Ana amapempha ndege yomwe. Tinagwirizana kuti mwana mmodzi mphatso imodzi, ndipo ikhale yovala kapena ya kusukulu, poti teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale momwemo. Ine ndinauza akumudzi kuti aliyense aponde papepala ajambule phazi, ayeze ndi rula anditumizire. Nsapato zinayi, tsiku limodzi, ndatha. Inu mukugula sipika ndi ndalama yathu.

aMwale: Basi, zamveka. Ndigamule motere, amene akutsutsa anene tsopano. Katundu wa aPhiri sakwera galimoto mpaka R1,000 ya Nabanda itabwezedwa, tsiku lomaliza ndi Lachinayi. R4,800 tidzadula pa masheya awo pa 16, ikapanda kukwana malamulo alipo. Malo a Nangozo nditenga ine, ndili ndi sola ndi batire zimene ndimati ndidzanyamula ndekha pa basi. R600 ndimupatsa Nangozo usiku uno. Nachisale R1,700 Lachisanu. Nabanda R125. Zonse R2,425.

Nangozo: R75 ndiye yapita basi?

Nachisale: Yapita asisi. Ife amene tinakanyamula zigubu tsiku lonse sitinalipiritse munthu ngakhale ya madzi akumwa.

Nangozo: Chabwino. Koma Lachisanu likhale Lachisanu, amayi ndawauza kuti Loweruka akagule Urea ku boma. Ndipo chaka chamawa mulembe kuti munthu akhoza kusankha, katundu kapena ndalama ya feteleza.

aMwale: Zimenezo mubwere nazo pa msonkhano wa Januwale, ndipo mubwere nokha, osati kusaina pambuyo. Za msonkho wa pa boda transipota akuti aliyense akhale ndi kope la lisiti, Nabanda atumiza.

aPhiri: R1,000 ndipeza Lachinayi. Koma sipika ikwera?

Nabanda: Sipika ilibe malo. Nonse Loweruka 9 koloko kwa aMwale ku Turffontein kudzamanga katundu. Bwerani ndi cholembera chachikulu, pa chikwama chilichonse tilembe dzina la wolandira, boma ndi nambala ziwiri za foni, chifukwa ina imakhala yozima. Wochedwa R50.