Zomwe ndinapeza pa msewu wa Sa Calobra

Mwezi watha ndinafunsa ngati munthu wozolowera kuyendetsa kumanzere, monga timachitira ku Malawi, angathe kutsika msewu wa Sa Calobra pachilumba cha Mallorca ku Spain ndi galimoto yobwereka. Ambiri munati nditenge yaing'ono komanso ndilawirire. Zikomo, zinathandizadi.

Kuyendetsa kumanja sikunandivute kwenikweni. Chovuta ndi kuchepa kwa msewu. Unamangidwa mu 1932, ndipo umakhotakhota makilomita pafupifupi 13 mpaka kunyanja, kudutsa pampata wa m'mapiri wotchedwa Coll dels Reis, mamita 682 pamwamba pa nyanja. Pa Nus de sa Corbata msewu umazungulira n'kudutsa pansi pa mlatho wake womwe. Potsika gwiritsani giya yachiwiri, chifukwa mabuleki amatentha mukamawaponda nthawi yonse. Dzuwa likangokwera mabasi a alendo amayamba kubwera, ndipo pangodya basi imatenga msewu wonse. Apanjinga nawonso ndi ambirimbiri, musamawapanikize.

Ku Cap de Formentor, nsonga ya kumpoto kwa chilumbachi, sindinapite ndi galimoto: m'miyezi yotentha amaletsa magalimoto a anthu wamba masana, choncho ndinakwera basi kuchokera ku tawuni ya Port de Pollença.