District 9: kamera kugwedezeka chonchija, anachita dala?

kapata_boy:
Anzanga ndithandizeni. Naonelela District 9 pa laputopu ya mphwanga, filimu ija ya 2009 imene chombo cha ma alien chinaima pamwamba pa Johannesburg osasuntha. Nkhani naimva koma koyambilira kamera igwedezeka maningi, anthu akamba ngati ali pa nyuzi, pena zithunzi za CCTV, ndiye mukafika pakati zonsezo zachepa. Ndalama zinawathera kapena bwanji?

madam_wa_kuKatete:
Awe mwana wanga, ndalama zinalipo, inadya pafupifupi madola 30 miliyoni ndipo Peter Jackson, wopanga mafilimu wotchuka, anali kumbuyo kwake. Neill Blomkamp, dairekita wa filimuyi, anachita dala. Taona kamera yoyambilira ija ndi ya ndani. Ndi ya MNU, kampani ya mufilimu imene inapatsidwa ntchito yosamutsa ma alien, ndi atolankhani, ndiye iwe woonelela ukuyenda pambuyo pa Wikus, wantchito wa MNU, ndi mapepala ake, akugogoda pa zitseko za malata ati sainani apa tikusamutsani, ndipo ma alien uwaona patali chabe, akufukula m'zinyalala, akulimbirana zitini za chakudya cha amphaka. Pali pena apeza kanyumba kodzaza mazira awo, akayatsa moto, Wikus atembenukira ku kamera akuseka ati mukumva mmene akuphulikira. Ana a eni ake amenewo. Koma poti kamera ili mbali ya ofesi, enafe tinasekako naye.

Manje dzanja la Wikus likayamba kusanduka la alien, zikhadabo kuthothoka, a MNU omwewo ayamba kumusaka, kamera ya nyuzi ija ilibenso njira yomutsatira. Filimu ilowa m'nyumba ya Christopher Johnson, mmodzi wa ma alien, ifika pafupi ndi nkhope yake ndi ya kamwana kake, mawu awo tikuwawerenga pansi pa sikirini ngati a anthu ena aliyense. Kumene kwaima kamera ndi kumene kwasintha, ma alien ndi omwe aja.

Zulu_wa_kuJoni:
Amadam mwanena zoona koma muonjezepo malo. Tinyumba tija sanamange mu situdiyo, anajambulira ku Chiawelo mu Soweto, komboni yeniyeni imene anthu ake anali kusamutsidwa nthawi yomweyo. Nchifukwa chake fumbi lija ndi dzuwa lija sizioneka zopanga, zonse zofiirira, palibe magetsi okongola amene tinazolowera m'mafilimu a zam'tsogolo. Dzina lenilenilo likumbutsa District Six ya ku Cape Town, mu 1966 boma la tsankho linati kuno nkwa azungu okha, anthu oposa 60,000 anachotsedwa. Komanso mu kafilimu kakafupi ka Blomkamp kamene kanabala District 9, Alive in Joburg, anthu ena amene akudandaula za ma alien mmenemo anali kufunsidwa za anthu a ku Zimbabwe. Ife okhala kuno tikakumbukira za Meyi 2008 mmene alendo anathamangitsidwira m'makomboni, ma intavyu aja sitiwaona ngati nthabwala ai.

mchini_girl:
Ine nikana pang'ono. Mukuyamikira kuti kamera inasintha mbali, chabwino, nanga anthu a ku Nigeria aja? Iwo kamera sinalowe m'nyumba zawo kuti tione ana awo olo kamodzi, kuyambira poyamba mpaka pothera ndi mfuti, asing'anga ndi kudya nyama ya ma alien basi, mumdima, nyimbo zoopsa kumbuyo. Boma la Nigeria linailetsa m'masinema chaka chomwecho ndipo sinidabwa. Komanso mvetserani bwino bwana wawo wa pa njinga ya olumala uja akamakalipa, ndi Chinyanja chathu chomwe chija! Wosewerayo ndi Eugene Khumbanyiwa wa ku Malawi. Ine nili ndi msuweni wanga tinaseka mpaka kubweza kumbuyo, kenako nkuganiza kuti opanga filimu anangoti chilankhulo cha mu Africa chilichonse nchimodzimodzi, ndani azazindikira.

kapata_boy:
Eee Chinyanja chija nachimva, ninaganiza kuti makutu anga. Zikomo amadam, zikomo nonse. Koma kothera ma intavyu abweranso, akukamba za Wikus ngati munthu wotayika, zimenezo ndiye zitanthauza chani?

madam_wa_kuKatete:
Aja ndi anthu amene sanaone zimene iwe waona. Ma alien anasamutsidwabe kupita ku kampu yatsopano ya District 10, nyuzi ikungowerenga chiwerengero chawo. Ndipo mchini_girl sananame, pa nkhani ya a ku Nigeria Blomkamp ndilibe pomuikira kumbuyo.